Uthenga umene unadikira tambala

Ndikukumbukira tsiku limene amayi anandituma ku Kalembo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo anali ku Chilwa kopha matemba, ndiye pakhomo pathu kwa Mposa mwamuna ndinali ine. Amayi anali oyembekezera, masiku atakwana. Mwana amene anandiponda pamutu sanakhale moyo, choncho mantha tinali nawo tonse.

M'mawa umenewo anandiitana atagwirira chitseko, thukuta lili pachipumi.

"Pita ukatenge amayi ako aakulu. Ukawauze kuti nthawi yakwana. Mubwere lero lomwe."

Foni pakhomo panalibe. Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu wa tala, kenako minibasi. Powoloka Shire pa Liwonde sindinayang'ane madzi. Ndinkangobwereza uthenga mumtima.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Amayi aakulu anali kudimba. Amene anandilandira ndi amuna awo, a Makwinja, munthu wanthabwala. Anandiyalira mphasa pansi pa mango.

"Mlendo wa ku Machinga uyu. Malonje pambuyo, bambo. Mimba ya njala imanena zabodza."

Kwathu anandiphunzitsa kuti mwana sadula mawu a wamkulu. Komanso nkhani ya uchembere si yoti mnyamata azikamba ndi abambo. Ndinakhala pamphasa, uthenga ndili nawo mumtima.

Ana anathamangitsa tambala mpaka kumugwira. Apa panabuka vuto. Iwo ndi Akhristu, ife Asilamu, ndipo nkhuku yozinga iwo sindikanadya. Anatuma mwana kukaitana a Yusufu, oyandikana nawo, kuti adzachinje. A Yusufu anali kumzikiti. Tinadikira.

Mthunzi wa mango unachoka pamphasa n'kukafika pankhokwe. Ndinkangoona amayi atagwirira chitseko chija.

Kenako amayi aakulu anatulukira, mtolo wa mpiru uli pamutu. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Iwe, wabwera wekha? Mng'ono wanga ali bwanji?"

"Akuti nthawi yakwana."

Mtolo uja unagwa pansi.

"Wafika nthawi yanji?"

"Masana."

Anatembenukira kwa amuna awo. "Inunso, mwana kuyenda yekha mtunda wonsewu, osamufunsa chamubweretsa?"

"Ndimati ayambe wadya."

"Adye chiyani? Tambala wanuyo akulirabe."

Anatenga zitenje ziwiri ndi dengu. A Makwinja, manyazi atawagwira, anamanga tambala miyendo n'kundipatsira. Pa Liwonde minibasi inaima kudikira kuti idzaze. Amayi aakulu sanandikalipire. Anangoti, "Ulemu ndi wabwino, mwananga. Koma uthenga wa matenda umanenedwa uli chiimire."

Tinafika dzuwa likulowa. Chitseko chinali chotseka, pabwalo popanda utsi. Mayi wina wa nyumba yapafupi anatiuza kuti amayi anakomoka masana, ndipo anyamata anawanyamula pa machira kupita kuchipatala.

Tinathamanga. Tinawapeza atagona, milomo itayera, kamwana kakakazi kali pambali. Kankapuma. Amayi anatsegula maso nandiyang'ana.

"Wachedwa," anatero. Pa nkhaniyi sanawonjezepo mawu ena, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Tambala uja anamuchinja ndi bambo pa tsiku lopatsa mwana dzina. Ine ndinadya masamba.

Lero mlongo wangayo ali ndi ana ake. Ine ndikatumidwa, ndimanena chimene ndabwerera ndisanakhale pansi, moni amabwera pambuyo. Ena amati ndine wamwano. Anene. Mphasa ija sanakhalepo ndi iwo.