Buku Lachitatu la Che Zubair

Che Zubair a ku Machinga, amene timagulitsira limodzi mabulangete ku Marabastad, anayamba moyo wa ku Joni m'sitolo ya mabuku akale ya mzungu wina, Bwana Koekemoer. Ntchito yawo inali kupukuta fumbi ndi kunyamula makatoni.

Chomwe chinawachotsetsa ntchito chinali ulemu. Kunabwera mabuku awiri amakedzana a mtsutso wa mmishonale ndi shehe, bwana n'kuwasiya pansi. Che Zubair ataona mavesi a Kurani m'katimo, sanalole kuti agone poponda anthu. Anawakweza pashelefu yapamwamba penipeni, osadziwa kuti denga limadontha pomwepo. Mvula itagwa, zikuto zinafufuma. Bwana anawatukwana pamaso pa makasitomala, n'kuwaponyera jekete lawo pamsewu.

Sanakhululuke. Chaka chatha anamva kuti mtsutsowo uli ndi buku lachitatu, ndipo lidzagulitsidwa pa okushoni. Anamvanso kuti bwana walonjeza kale kasitomala wakunja mabuku onse atatu.

"Ndigulitsa galimoto," anandiuza.

"Eish, Abambo, ndiye katundu tizinyamulira pamutu? Chingelezi chakalecho mudzachiwerenga?"

"Ndani wakamba zowerenga, Fumbani? Ndikufuna iyeyo asalipeze."

Galimoto inapitadi. Patsiku la okushoni tinakhala kumbuyo. Bwana akakweza khadi lake, Che Zubair ankakweza lawo. Ine ndinkawonkhetsa m'mutu, kuphatikiza ndi gawo la ogulitsa, mtima uli m'malere: ndalama zikatithera panjira, galimoto ikhala itapita pachabe. Bwana anacheuka, n'kuwazindikira. Nkhope inafiira.

"Tafika pamapeto," ndinanong'ona.

Anakwezabe, maso ali pa bwana. Mzunguyo anayang'ana khadi lake nthawi yaitali, kenako analiika pamwendo. Nyundo inagunda. Buku linakhala la Che Zubair, ndipo ndalama zimene zinaperewera ndinaonjezera ine.

Masiku ano mabelo timakwera nawo mathekisi, makondakitala akutinena. Sizindidetsa nkhawa, chifukwa nyengo yachisanu ya kuno ikazizira ngati yapitayi, mabulangete adzayenda malonda ndipo galimoto ina tidzaipeza.

Bwana amabwera ku Atteridgeville, kukachipinda kakuseri ka Che Zubair, ndipo ulendo uliwonse amakweza mtengo woti agulire bukulo. Che Zubair amamupatsa mpando ndi tiyi, n'kumumvetsera mpaka amalize.

"Mubwerenso mwezi wamawa, bwana. Ndikadaganizabe."

Tsiku lina bwana atachoka ndinawafunsa mtengo umene akudikira.

"Palibe," anatero, akutsuka kapu. "Ndimangofuna azigogoda pakhomo panga."