Mayi Tupochele ndi Maliro a Anthu a 1348

Ambuye atikhululukire, koma ife a mpingo wa ku Mulhuddart, kuno ku Dublin, tikanena kuti malemu Mayi Tupochele Lombe anali munthu wosavuta, tikhala tikunama. Anali wopemphera, inde, koma makani awo anatitopetsa.

Anabadwira ku Machinga m'chaka cha 1949. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nthomba inatenga amayi awo. Anthu anaopa, pasiwa sipanakhale munthu, ndipo amuna atatu anakaika mtembo mothamanga popanda ndi nyimbo yomwe. Chilonda chimenechi sichinapole. Atakula anaphunzitsa katekisimu, analera okha ana anayi amuna awo atamwalira, ndipo pamaliro alionse m'deralo oyamba kufika anali iwo.

Anabwera ku Dublin mu 2006 kudzalera zidzukulu kwa mwana wawo Racheal, yemwe ndi namwino. Amene anatiputira zonsezi ndi Kondwelani, mnyamata wa mumpingo mwathu wophunzira mbiri yakale pa yunivesite. Tsiku lina titatuluka m'Misa anafotokoza za mliri umene unafika mumzinda uno mu 1348: anthu ankafa ngati ntchentche, ansembe omwe, abale ankathawana, ndipo ambiri anakwiriridwa m'dzenje limodzi.

"Nanga anawakhuza ndani?" anafunsa Mayi Tupochele.

"Amama, ndi histore chabe imeneyo, zakalekale," anatero Kondwelani.

"Maliro sakalamba, mwanawe."

Kuyambira tsikulo Bambo Manfred, wapampando wa komiti yathu, sanaonenso mtendere. Novembala aliyense mayiwo ankaumirira kuti pakhale Misa ya akufa a 1348. Misa yokha sitikanadandaula. Koma iwo ankamanga chitenje, kukhala pansi pa simenti yozizira kumbuyo kwa tchalitchi, kutambasula miyendo, n'kuyamba nyimbo zamaliro mokweza. Kulirira azungu osawadziwa ndi dzina lomwe!

"Amayi, kuno ndi ku Ayalandi, pali mabenchi," ankatero Bambo Manfred, nkhope ili gwaa. "Mukutichititsa manyazi."

"Mlendo akapeza maliro pamudzi salambalala," ankayankha choncho, n'kupitiriza kuimba.

Kenaka mu 2020 kunabwera korona. Pamaliro pankaloledwa anthu khumi okha, ndipo okalamba anauzidwa kukhala m'nyumba. Mukuganiza anamva? Akangomva belu la maliro, ankavala masiki, kutenga korona wawo wopempherera, n'kukaima kunja kwa mpanda wa tchalitchi, patali ndi aliyense, mvula ikuwakuntha. Womwalirayo kaya ndani, iwo analibe nazo ntchito. Tinakalipa, tinanyengerera, osatheka. Racheal anabisa nsapato zawo, iwo anapita ndi masilipasi.

Kwa Racheal yekha ndi kumene anaulula mantha awo: "Ine ndidzapita ngati amayi anga, popanda wondiimbira."

Anamwalira mu Januwale 2021, mtima utangoima ali pampando wawo masana, atalandira Ukaristia dzulo lake. Lamulo la anthu khumi linali lidakalipo. Ana ndi zidzukulu anakwanira okha, moti Bambo Manfred anatsala kunja. Anaima pageti ali ndi chisoni chosakaniza ndi mkwiyo, poganiza kuti zimene mayiwo ankaopa zachitikadi.

Galimoto yamaliro itatuluka, anatukula maso. Msewu wonse mpaka pamphambano unali ndi anthu mbali zonse ziwiri, ataima motalikirana pamvula. Ambiri anali Aairishi, mabanja amene anawaona mayi wa chitenje uja kuseri kwa mpanda tsiku limene ankaika abale awo. Anali chete, poti nyimbo zathu sazidziwa.

Bambo Manfred anayang'ana suti yawo yakuda, n'kuyang'ana matope. Anakhala pansi pomwepo, kutambasula miyendo, n'kuyambitsa nyimbo.

Mzimu wa Mayi Tupochele uuse mumtendere. Misa ya akufa a 1348 ikhalapo pa 2 Novembala, ndipo wapampando akuti obwera adzatenge zitenje, tonse tidzakhala pansi.