Dzenje la a Afisa pansi pa mlatho

A Afisa ndi aneba anga kuno ku Chilobwe, ndipo ndinene poyera, palibe mwamuna m'dera lino angawapose pa fosholo. Amuna awo atapita ndi matope a namondwe uja, iwo sanakhale pakhonde kudikira chifundo. Analowa mumtsinje, pansi pa kamlatho kathu, n'kuyamba kukumba mchenga wogulitsa kwa omanga nyumba. Ana awo atatu amadyera pomwepo. Enafe timangodutsa pamwamba n'kumawajeda.

Ndiye kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Daisy, ndi kandege kopanda munthu kaja amati droni. Ankafufuza za milatho. Kandegeko kankajambula zithunzi zambirimbiri, pamwamba, m'mbali, kunsi komwe, kenako kompyuta n'kuzilumikiza kukhala mlatho wathunthu woti n'kuutembenuza ndi chala. Akabweranso amafananitsa, kuona ngati pasintha kanthu.

Tsiku loyambalo kandegeko kanawapeza a Afisa ali m'madzi, fosholo m'manja. Kukumba pafupi ndi mlatho n'koletsedwa, tonse timadziwa. Kuchokera pamenepo mtima wawo sunakhale m'malo. Galimoto ikangoima pamsewu, ankati basi, akuluakulu a mzinda abwera ndi chithunzi chawo.

Daisy atabweranso mwezi wotsatira, a Afisa analimba mtima. Ine ndinali pomwepo.

"Achemwali, tandionetsani. Nkhope yanga ilimo?"

Daisy anatsegula kompyuta pamwala. Mlatho wonse unaoneka bwinobwino, ndi ming'alu yomwe. Munthu ayi.

"Musade nkhawa, mayi," anatero Daisy. "Choyendayenda sichigwirika. Pa chithunzi ichi muli apa, pa chinacho muli apo, ndiye makina amangokutayani. Chimatsala n'chokhazikika."

A Afisa anapumira m'mwamba, mpaka kuseka.

Daisy sanaseke nawo. Anautembenuza mlatho uja n'kuloza patsinde pa chipilala chapakati. Pa zithunzi zakale panali pokwiririka. Tsopano panali mphako yakuda bii.

"Chipilala ichi chikulendewera," anatero. "Mvula yamphamvu ikagwa, kaya. Ine ndikanena kwa akuluakulu a mzinda lero lomwe, koma kuti okonza abwera liti, sindingalonjeze."

Sanafunse n'komwe kuti wakumba ndani. Zimenezo n'zomwe zinandiwawa ine, bola akanawakalipira.

M'mawa mwake lole ya mchenga inafika ikuliza hutala. Mulu wa a Afisa unali tayale m'mbali, thukuta la sabata yathunthu. A Afisa anatsika ndi fosholo, n'kuima kaye. Pamwamba pawo ana a sukulu ankawoloka akuthamangitsana. Kenako anatapa pamulu paja, koma osaponya mulole. Anaponya m'dzenje la patsinde pa chipilala paja.

"Mayi, mutu ukuyenda bwino?" anafunsa dalaivala. A Afisa anatapanso mchenga wina n'kuponya m'dzenjemo. Iye anatukwana n'kuliza galimoto, ulendo.

Madzi ankaukokolola mchengawo uku akuthira, ndinkaona ndi maso angawa. Iwo osasiya.