Thonje la m'Majombo a Paskale

Inu amene munagwapo pa ntchito n'kuyamba kuyenda chozolika pamaso pa anthu, tamverani za Paskale wa ku Nsefu.

M'mawa wina wa mwezi wa Juni, Paskale anapezeka ali gada m'ngalande, nsomba zili mbwee pamsewu, honda, njinga yamoto ya amalume ake, itapindika. Sanaledzere, sanathamangenso ayi. Anafuna kuponda buleki pakona, koma phazi silinamve kanthu. Linali litachita dzanzi ndi mphepo.

Ana a kuchigwa ife timadziwa kuthawa dzuwa basi. Ndani angagule masokosi ku Luangwa? Mnyamatayu ananyamuka mbandakucha atavala mapatapata, ulendo wokagulitsa nsomba ku Chipata, osadziwa kuti kumtunda kuja chisanu chimaluma mpaka m'mafupa.

Paskale anali wamasiye. A Jairos, amalume ake, ndiwo anamulera, ndipo honda ija ndiyo inali ntchito yokhayo imene anaidziwa.

"Bweretsa kiyi," anatero a Jairos. "Ndinaika mlongo wanga m'manda. Sindifuna kuikanso mwana wake."

Honda itakonzedwa, anaipereka kwa Sunday, mnyamata wina wa m'mudzimo. Kenako anauza Paskale kuti azikhala kumbuyo, kugwira dengu la nsomba. Zinamuwawa, abale. Anzake ankamufunsa pamsika kuti, "Mwaswera bwanji, a katundu?" Iye ankaseka nawo, koma akafika kunyumba chakudya sichinkalowa.

Tsiku lina ali kumbuyo komweko, anaganiza kuti: ngakhale wokwera kumbuyo ali ndi mapazi, ndipo mphepo ndi yomweyi. Bwanji ndiphunzirire pompano?

Anapempha majombo akale kwa mlimi wina. Inali nyengo yothyola thonje, choncho anatola lotsalira m'munda, kuchotsa njere, n'kulipakira m'majombomo mpaka thothotho. Kalanga ine, mapazi anazizira kuposa kale! Anali atawapanikiza, magazi osayenda. Anachepetsa thonje kuti zala zizitakataka. Anayesa kukulunga mapazi m'pulasitiki, koma thukuta linawanyowetsa, n'kuzizira ngati ali mumtsinje. Anazindikira kuti pulasitiki ndi ya kunja kwa jombo, m'kati mukhale mouma. Kenako anadula chigubu pakati n'kumangirira kutsogolo kwa popondera, kuti mphepo izimenya chigubu.

Sunday ankafa ndi phwete. "Iwe, honda yasanduka ngolo ya madzi?" Koma pasanapite nthawi anapempha kuti amumangire chake.

Chisanu chinatha, kiyi osabwera. Dzuwa linawamba, mvula inagwa, Paskale akadali ndi dengu pamiyendo. Panali masiku ena amene ankafuna kungosiya zonse, koma mbandakucha ukafika ankadzukabe.

Juni atabweranso, a Jairos anatuluka m'nyumba atafunda jekete. "Lero uyendetsa ndiwe. Ine ndikhala kumbuyo."

Ananyamuka. Atakwera mapiri n'kufika kumtunda kumene udzu unali woyera ndi mame, a Jairos anamugogoda paphewa kuti aime.

"Vula jombo."

Paskale anavula. Munthu wamkulu uja anagwada pamsewu, nagwira phazi la mwana wa mlongo wake ndi manja onse awiri. Anakhala chomwecho kanthawi, misozi ikulengeza.

"Lafunda," anatero. "Mphwanga, kiyi usandibwezere."

Lero Paskale amayenda yekha, ndipo oyendetsa honda ambiri kwawoko amabwera kwa iye chisanu chikayandikira kuti awakonzere majombo.

Mwina inunso anakutsitsani, anakukhazikani kumbuyo, ndipo anthu akukusekani. Musawononge nthawi ndi manyazi. Funsani chimene chinakugwetsani, muchiphunzire muli pomwepo, ngakhale chioneke chaching'ono ngati phazi lozizira. Limbani mtima, musautaye.