Mahaka a ku Matero Ndinali Ine

Pasukulu ina ya ku Matero amanditcha Ba IT, ngakhale maphunziro anga a kompyuta anali a milungu itatu. M'mawa uliwonse ndimalandira malipoti osonyeza amene watumiza imelo m'dzina la sukulu. Ankabwera awiri kapena atatu, ndipo katswiri ine sindinkawatsegula n'komwe.

Lolemba lina ndinapeza malipoti atadzaza bokosi la imelo. Imelo zathu zinayamba kuonedwa ngati zachinyengo, moti makalata a mayeso sanafike kwa makolo. Ahedi, Mayi Chanda, anandiitana.

"Ba IT, ni chani chachitika?"

"Ni mahaka, madamu, akuba a pa intaneti," ndinayankha molimba mtima. "Pali wina anadina vinthu vosayenera."

Sindinatchule dzina. Ndinangoyang'ana mlembi wathu, Ba Mutale, nthawi yaitali ndithu. Ahedi anawakalipira pamaso pa aphunzitsi, iwo n'kupepesa misozi ili m'maso.

Masana ndinatsegula lipoti limodzi, koyamba m'moyo wanga. Imelo zonse zokayikitsazo zinachokera pa webusaiti yaulere imene ndinagwiritsa ntchito Loweruka potsatsa nkhuku zanga kwa a mpingo wathu onse. Ndinatumiza m'dzina la sukulu kuti nkhukuzo zioneke zophunzira.

Ndinafufuta akaunti yanga ya pa webusaitiyo mwakachetechete. Pofika Lachinayi malipoti anachepa, ahedi anandiyamika pamsonkhano, ndipo ndinaweramitsa mutu modzichepetsa anthu akuwomba m'manja.

Mpaka lero Ba Mutale satsegula imelo osandifunsa.

"Ba IT, iyi ili bwino?"

Ndimawerama, ndimakwinya nkhope, ndimawerenga pang'onopang'ono, kenako ndimawalola.