Kagalasi Kanu Kosintha Mtundu

Achimwene, lero mu sitolo pa Boma ndaona kapu yosintha mtundu akathiramo tiyi, ndipo ndakumbukira inu. Chaka chomwe tinayamba kuvotera zipani zambiri, munabwera kwathu ku Chia kuchokera kusukulu kunja, mutatenga kagalasi kopakidwa mankhwala ofiirira a chitsulo cha ayironi, opyapyala kuposa khoko la anyezi. Mukakagunditsa ku ketulo yotentha, kofiirira kaja kankayera. Kakazizira, mtundu unkabwerera. Munati ayironiyo amasintha m'kati mwake akamva kutentha.

M'mawa mwake amayi anakakwecha ndi mchenga, poyesa ndi litsiro. Ntchito yanu yakusukulu ya miyezi yambiri inathera pomwepo, koma inu munangoseka, "Amayi, mwatsuka digiri yanga."

Pumulani bwino, muwapatse moni amayiwo kumeneko. Kapuyo ndagula, ndipo ndiziyitsuka ndekha.