Sowo ya a Sakala Isowa Wokoka

A Whyson Sakala anakulira m'nkhalango za ku Petauke akucheka milombwa ndi sowo yaitali, ija yofuna anthu awiri: wina pamwamba pa chipika, mnzake m'dzenje akukoka. Posamukira m'tauni ku Kanyama anaipaka mafuta, naikoloweka kudenga.

Mphepo ya mvula yoyamba itagwetsa bulugamu pabwalo pawo, anaitsitsa sowo ija kudenga. Chitseko chawo chinali chitawola ndi madzi a chaka chatha, ndipo matabwa a chitseko chatsopano anali gone pomwepo mumtengowo. Ananola mano a sowo, nakumba dzenje, kenaka anaitana mkamwini wawo Levy.

"Ba tata, ine ningene mu mugodi, utuchi uzinigwela mu menso?" anaseka Levy. "Ku msika wa Buseko mashini yacheka manje-manje."

"Mashini sadziwa mtima wa mtengo! Iwe ungokoka basi."

Levy anati abwera Loweruka, koma sanaoneke. A Sakala anayenda khomo ndi khomo kufuna wokoka, mvula ikudzaza dzenje lawo. Madzulo ena pobwerera anapeza aneba atawaza chipikacho nkhuni. Usiku anatsekanso pakhomo ndi lata.